Galimoto ya mipando 7 yokoka ngolo: kuyankha achimwene a ku Luchenza

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Luchenza, dzina ndisunga. Akuti pakhomo alipo 7 kuwerengera agogo, munda wawo uli cha ku Thekerani, ndiye akufuna 4x4 yakale yoti banja lonse lizikwanamo komanso izikoka ngolo ya matumba 30, feteleza popita, chimanga ndi nandolo pobwera. Funso lawo ndi lakuti pakati pa Prado, Fortuner, Pajero ndi Discovery atenge iti yoti isamawagoneke pamsewu.

Achimwene, tisanathamangire mayina tiyeni tiwerengere kaye katunduyo. Matumba 30 a 50 kg ndi 1,500 kg, kuphatikiza ngolo yeniyeniyo, zowotcherera zathuzi zija zimalemera, mukupezeka mukukoka pafupifupi matani awiri. Ngolo yopanda mabuleki ake, opanga magalimoto ambiri amalekezera pa 750 kg basi, kaya galimotoyo ndi yaikulu bwanji. Manambala akuluakulu amene ogulitsa amakonda kutchula aja, 2,500 kg kapena 3,500 kg, ndi a ngolo yokhala ndi mabuleki ake. Ndiye ngati ngolo yanuyo ilibe, vuto lanu loyamba si galimoto ayi, ndi ngoloyo, chifukwa pa zitsetse za ku Thekerani zija mvula itawaza, matani awiri akukukankhani kumbuyo, mudzaponda buleki galimoto nkumangopitabe ngati simunaponde kanthu.

China, anthu 7 ndi ngolo yodzadza pa ulendo umodzi sizimayenda bwino. Gawo lina la kulemera kwa ngolo limatsamira pa tow bar, chitsulo chakumbuyo chokolekapo ngolo chija, ndipo limawerengedwa ngati katundu wa m'galimoto momwemo, pamodzi ndi anthu, zikwama ndi mafuta. Tsiku la matumba tengani anyamata awiri opakira, agogo ndi ana adzakwera Lamlungu popita ku tchalitchi.

Tsopano chimene chimapha magalimoto okoka ngolo kwathu kuno si matope, ndi kutentha. Ine ndinaphunzira ndi ndalama zanga. Ndinali ndi galimoto ya dizilo yabwinobwino, tsiku lina mu February ndikukwera chitunda cha ku Makwasa ngolo ili ndi njerwa, kansingano ka kutentha kaja ndinakaona kakusuntha koma ndinati aaa tifika pamwambapo kaye, sitinafike, nthunzi inangoti fooo pansi pa boneti, fungo lake ngati mphika wopserera. Mayi wina wogulitsa nthochi pambali pa msewu anandibwereka ndowa, ine mwa phuma nkuthira madzi ozizira mu injini yoti ikubwata, hedi inang'aluka pompo. Titakafika nayo ku galaja amakaniko anachotsa redieta nkundionetsa, timipata take tonse tinali titamatidwa ndi dothi lofiira lathuli, litauma gwa ngati njerwa yootcha, mphepo inalibe podutsa. Sinali galimoto yolakwa, ndinali ine wosatsuka. Ndiye chilichonse ndinene m'munsimu muzikumbukira redieta.

Discovery ndiyambe nayo kuti tithane nayo msanga. Discovery 3 ndi 4 pokoka ndi akatundu, 3,500 kg, ndipo kukwera kwake kumakoma ngati uli pa sofa. Koma imayenda pa zibaluni za mpweya m'malo mwa masipuling'i, mawaya ndi makompyuta ali ponseponse, ikangoyatsa kanyali pa dashibodi mufunika munthu wa makina owerengera matenda ake, ndipo sipeya wake nthawi zambiri ndi wochita kuitanitsa kunja. Nchifukwa chake mtengo wake umaoneka wotsika. Kwa munthu wa munda ku Thekerani, ine ayi.

Pajero anthu amainyozera koma ndi galimoto yolimba, makamaka ya injini ya 3.2 dizilo ija amati 4M41, imene inapitirira mpaka 2021 pomwe Mitsubishi inasiya kupanga Pajero. Mphamvu yokoka ilipo yokwanira, ndipo 4x4 yake mutha kuyenda nayo ngakhale pa tala wonyowa, zomwe zimathandiza masiku a chiperoni kuno. Injiniyi taimingi yake ndi ya tcheni osati lamba, koma kotsogolera tchenicho kakumwamba kamatha, muzikasintha kasanathyoke. Zovuta zake ziwiri: mipando yakumbuyo kwenikweni ndi ya ana, munthu wamkulu maondo amafika pachibwano, komanso masipeya ku Limbe alipo koma osati mbweee ngati a Toyota. Mukaipeza yosamalidwa bwino pa mtengo wotsikirapo musaithawe.

Prado apa mpofunika kudekha chifukwa dzina ndi limodzi koma injini ndi zambiri, ndipo ambiri amagula dzinalo. Prado ya mtundu umene amati 120 inapangidwa kuyambira 2002 mpaka 2009, kenako inabwera ya 150, ndipo ya 120 imaloledwa kukoka cha m'ma 2,500 kg. Zambiri zochokera ku Japan zolowera pa Songwe zija ndi za petulo 2.7, injini yosafa msanga zoona, koma thupi la Prado ndi lolemera kale, ndiye muikenso ngolo kumbuyo, pa chitunda muzidzangomva kulira kokhakokha njinga za kabaza zikukupitirirani, mafuta nawo ngati mukuthira pansi. Ilinso ya dizilo 5L yopanda tebo, makaniko aliyense wa pansi pa mtengo wa mango amaidziwa, koma nayonso ndi yaulesi pokoka. Ya injini ina ya dizilo, 1KZ, mphamvu ilipo, koma ndi yodziwika kuti ikangowira kamodzi hedi imang'aluka, ndiye mukamagula funsani bwinobwino ngati inatsegulidwapo. Yomwe ndingakusankhireni ndi 3.0 D-4D, amati 1KD. Iyi imakoka bwino koma imadana ndi dizilo wakuda, wa m'zigubu uja timagula mafuta akasowa ndi amene amawononga ma injekita, ndipo timawashala ta pansi pa ma injekita tikayamba kudontha, mwaye umalowa mu oyilo nkutseka sefa ya pansi mu sampu, injini nkugwira. Lamba wake wa taimingi amasinthidwa pa 150,000 km, ngati wogulitsa alibe umboni woti anasintha, ingosinthani nokha tsiku loyamba. Ndipo muwerenge mipando ndi maso anu, ma Prado ena ndi a mipando isanu basi.

Fortuner ndi Hilux yovala jekete, pansi pake ndi pamodzimodzi, zakalezo zili ndi injini ya 3.0 D-4D yomweyo, ndipo zambiri zathuzi zinachokera ku South Africa. Ubwino wake ndi womwewo, sipeya wa Hilux ali paliponse, ku Limbe mumangolowa shopu yachiwiri mwamupeza. Koma chenjerani, ma Fortuner ambiri ndi 4x2, amakoka ndi matayala akumbuyo okha, amangooneka aatali chabe. Musakhulupirire chomata cha kumbuyo, gwadani muone ngati kutsogolo kuli difu, ndipo muilowetse nokha mu giya yotsika ya 4x4 (low range) muyende nayo pang'ono. Mipando yake yakumbuyo imapindikira m'mbali, imadya malo a katundu komanso ikakalamba imagogoda pa msewu wa fumbi, koma zimenezo nzopirira.

Ma Noah, Voxy ndi Sienta olembedwa 4WD aja, kapena X-Trail ya mipando 7 ya giyabokosi ya CVT, musayese nkomwe, si ntchito yake.

Ndalama zikanakhala zanga ndikanatenga Fortuner 3.0 D-4D ya 4x4 yeniyeni, kapena Prado ya injini yomweyo ngati thumba likulola, ndipo pa ziwirizi ndikanatenga imene yasamalidwa bwino osati imene ili ndi nambala yatsopano. Manyuwo kapena otomatiki zonse zimakoka, kungoti manyuwo imadya kilachi mukamanyamuka pa chitunda ndi katundu, pomwe otomatiki imafuna muiikire kozizirira oyilo wa giyabokosi kapadera.

Tsiku lokaona galimotoyo mupite ndi amakaniko anu, osati a wogulitsa, ndipo mufike m'mawa injini isanalizidwe chifukwa injini yotentha kale imabisa zambiri. Tsegulani chotsekera redieta ikadali yozizira, mukaona madzi a dzimbiri kapena thovu likutuluka injini ikulira, bwererani. Oyilo wa giyabokosi ya otomatiki akhale wofiirira, akanunkha kupserera ndiye kuti inavutikapo. Ngati ili kale ndi tow bar yang'anani pomwe inamangidwa ku chesesi, yowotcherera mwachisawawa imang'amba chitsulo. Nambala ya chesesi ifanane ndi ya pa blue book, COF ikhale yamoyo, ndipo kusintha umwini mukapange nokha ku Road Traffic, madobadoba asakugwirireni mapepala. Poyesa musangozungulira pa Luchenza pamene pali see, ikwezeni mpaka pa Thyolo boma anthu atakwera, AC ili yoyatsa, diso pa kansingano kaja. Ndipo pa ndalama mwakonzazo patulanipo ina ya redieta, lamba, ma oyilo onse ndi mabuleki a ngolo ija musanapite kukatenga feteleza woyamba.