Funsani Amalume: Za mu filimu ya Charlie Chaplin zinachitikadi?

FUNSO: Amalume, ndaonera filimu ija ya moyo wa Charlie Chaplin yomwe amasewera Robert Downey Jr., ine ndimaganiza kuti ndiseka mpaka nthiti kupweteka koma ayi ndithu ndinatsala pang'ono kulira. Nde ndimati ndifunse, zonse zija zinachitikadi kapena opanga filimu anangothira mchere? Makamaka za mayi ake kudwala misala ndi zomuthamangitsa ku America zija.
Wokonda mafilimu akale

YANKHO: Mphwanga, zambiri ndi zoona, mwinanso filimuyo inachepetsako. Inatuluka mu 1992, anaiwongolera ndi Richard Attenborough ndipo mbali ina anatenga mu buku lomwe Chaplin analemba yekha lonena za moyo wake. Mkuluyu anabadwira ku London mu 1889, bambo ake anali woimba koma chidakwa chotheratu, anamwalira mu 1901 mwana ali ndi zaka 12, ndipo asanafike apo ali ndi zaka 7 zokha anali atalowa kale mu nyumba ya boma yosungirako amphawi ku Lambeth. Mayi ake a Hannah anawatsekeradi ku chipatala cha odwala misala cha Cane Hill. Atalemera anawaitanitsa ku California mu 1921 koma mutu sunabwerere, anamwalira mu 1928.

Tsono nachi chomwe ambiri sachidziwa, mayi amene akusewera ngati Hannah mu filimumo ndi Geraldine Chaplin, mwana wake weniweni wa Charlie. Ndiye kuti akusewera agogo ake omwe. Ukaonerenso pamene mawu akuwathera pa siteji anthu nkumawakuwiza, kamwana nkulowa kukaimba m'malo mwawo, ine pamenepo ndimayamba ndaimitsa kaye.

Wabodza ndi mkulu uja womufunsa mafunso atakalamba, amene akusewera Anthony Hopkins. Munthu ameneyo kunalibe, anangomupeka kuti nkhani iziyenda.

Za ku America nazo zoona. Anakhalako zaka pafupifupi 40 osatenga unzika, nde apolisi ofufuza a boma la America (FBI), omwe mkulu wawo anali J. Edgar Hoover, ankamulonda pomuganizira kuti amagwirizana ndi achikomyunizimu. Mu 1952 anakwera sitima ya pamadzi kupita ku London kukaonetsa filimu yake ya Limelight, ali panyanja pomwepo boma linalanda chilolezo chake chobwerera. Basi anakakhazikika ku Switzerland, ku America anapondakonso mu 1972 pokalandira mphoto ya mafilimu ya Oscar yaulemu, anthu anaimirira nkuwomba m'manja mphindi 12.

FUNSO: Amalume ine zoseketsa zake sindikukana, koma nkhani ya akazi ake yandinyansa heavy. Munthu wamkulu kumakwatira tiana chonchija? Filimuyo ikungodutsapo ngati palibe vuto, kodi ndine ndekha ndaona?
Mayi wa ana aakazi awiri

YANKHO: Achemwali, si inu nokha, ndipo apa ndi pomwe ine ndimayambana nayo filimuyi. Mkazi woyamba Mildred Harris anamukwatira mu 1918 ali ndi zaka 16, iye ali ndi 29. Wachiwiri Lita Grey naye 16, mu 1924, ali kale ndi pakati, ukwati anakachitira ku Mexico mwakachetechete ndipo utatha mu 1927 Chaplin analipira ndalama zokwana madola 600,000, zomwe nthawi imeneyo zinali zosaoneka. Wachitatu Paulette Goddard anali wamkulu. Womaliza Oona O'Neill anali ndi 18 iye 54, mu 1943, amenewa anakhala limodzi mpaka imfa nkubereka ana 8.

Nde opanga filimu anachita kanzeru kena komwe ine sindikakonda. Anatenga mtsikana mmodzi, Moira Kelly, kuti asewere ngati Hetty Kelly chibwenzi chake choyamba cha ku London komanso ngati Oona, cholinga tizimumvera chisoni kuti eti bamboyu moyo wake wonse amangosakasaka nkhope ya chikondi chake choyamba. Zokoma kuonera inde, koma nkumutsuka munthu kumeneko. Lita Grey amangoonekako pang'ono basi, zomwe ananena mu khothi za momwe ankamuchitira sitizimva bwinobwino, chonsecho manyuzi a nthawi imeneyo anadya nazo nkhani imeneyi miyezi. Paja buku lomwe anatsamira ndi lolemba mwini wake, fisi sangalembe kuti anadya mbuzi.

Komano pa nkhani ya Joan Barry, yemwe anali chibwenzi chake, pokhapo tinene chilungamo, anamulakwira. Mayiyo anati mwana amene anabereka ndi wa Chaplin, atayeza magazi zinaonetsa kuti si wake, koma khothi la ku California silinalabadire, mu 1945 linamugamula kuti azipereka chithandizo mpaka mwanayo atakwana zaka 21. Nde munthu mmodzi yemweyo kwina analakwira ena kwina anamulakwira, filimu inasankha kukhalitsa pomwe anamulakwira.

Kuonera onerani, The Kid ya 1921 ndi The Great Dictator ya 1940 yomwe ankanyoza Hitler ndi ntchito zapamwamba zedi, ndipo The Kid anayamba kuikonza mwana wake woyamba atangomwalira ali ndi masiku atatu, mukadziwa zimenezo mumaiona mwina. Koma ana anuwo akakufunsani zaka za akaziwo auzeni momwe zilili.

FUNSO: Amalume mwachidule, Downey anawina Oscar ndi filimuyi? Komanso mnzanga akuti mtembo wa Chaplin unabedwa, ine ndati amanama.
Wotsutsa mnzake

YANKHO: Oscar ayi, anangofika pa mndandanda wa opikisana, chaka chimenecho anatenga Al Pacino. Downey anawina mphoto ya BAFTA ya ku Britain. Za mtembo kapepese kwa mnzakoyo aise. Chaplin anamwalira pa Khirisimasi mu 1977 ali ndi zaka 88, mu March 1978 anyamata awiri anafukula bokosi ku manda a Corsier-sur-Vevey ku Switzerland nkumafuna ndalama kwa Oona. Apolisi anawagwira, bokosilo linapezeka atalikwirira m'munda wa chimanga patatha masabata 11, pomuikanso anathirapo konkire.