Gasi akumangotha mu heat pump yanga: ndikonzetsebe kapena ndigule ina?

FUNSO: Bambo mmisiri, heat pump ya m'nyumba mwanga yakwanitsa zaka 16. Chaka chatha inasiya kutenthetsa bwino, mmisiri wina anathiramo gasi ndipo inachira. Chaka chino vuto lija labweranso. Mpweya ukutuluka wofunda pang'ono chabe, bokosi la panja likugwira ayezi wosasungunuka, bilu ya magetsi nayo yakwera. Mmisiriyo akuti athirenso gasi, koma mwana wanga akuti tigule yatsopano. Pakachitsulo ka m'mbali mwake palembedwa R-22. Ndimvere ndani? Ndine mayi wothedwa nzeru.

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kuwerenga kachitsuloko, tibwererako. Ndiyambe ndi gasiyo.

Heat pump, makina otenthetsa ndi kuziziritsa m'nyumba, siwotcha gasi. Imagwira ntchito ngati firiji: gasi amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kutola kutentha panja n'kukulowetsa m'nyumba, ndipo nyengo yotentha amabwerera chammbuyo kukutulutsa. Choncho gasi akachepa ndiye kuti pena pabooka, palibenso china. Mmisiri amene akungothira osafufuza pobookapo akukutungitsani madzi m'ndowa yothonya. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa chimene chimazunzika ndi kompresa, chipangizo chopopa gasiyo, chokwera mtengo kuposa zonse m'makinamo. Gasi yemweyo ndiye amaziziritsa mota ya kompresa ndi kuibwezera mafuta ake. Akachepa, kompresa imatentha, imayamba kulira mosasa mawu, mapeto ake imapsa.

Ayezi wapang'ono pabokosi la panja nyengo yozizira si vuto, makinawo amamusungunula okha. Koma wokhuthala wosachoka ngati wanuyo akugwirizana ndi kuchepa kwa gasi. Za bilu, heat pump yabwino ikadya yuniti imodzi ya magetsi imabweza kutentha kwa mayunitsi pafupifupi atatu. Yanuyo ikulira maola ambiri koma zotuluka n'zochepa, ndipo ngati ili ndi hitala yothandizira m'kati, ndiyo ikukudyerani magetsi.

Tsopano R-22 uja. Gasi ameneyu amawononga mpweya wa ozoni umene umatitchinga ku cheza choopsa cha dzuwa, ndipo mayiko anagwirizana zomuthetsa kudzera m'pangano la ku Montreal la 1987. Mayiko a European Union analetseratu kumuthira m'makina mu 2015, United States inasiya kumupanga ndi kumuitanitsa mu 2020, ndipo mayiko osauka anapatsidwa mpaka 2030. Akusowa, nanga mtengo ungatsike bwanji? Wina asakunamizeni kuti angothiramo R-410A kapena R-32 wa makina atsopano. Magasi amenewa amakankha mapaipi mwamphamvu kwambiri ndipo amafuna mafuta ena, moti kompresa yanu singapirire.

Sindikunena kuti makina akakalamba ndiye otaya. Kapasita (kachipangizo kothandiza mota kuyamba kuzungulira) ikafa, mota ya fani ikajama, kapena kasensa kosungunula ayezi kakasokonekera, konzetsani mosakayika, n'zinthu zazing'ono. Kungoti ma heat pump ambiri otola kutentha mumpweya amakhala zaka pafupifupi 15, ndiye yanu yagwira kale ntchito yake.

Musanalipire chilichonse, itanani mmisiri adzaikemo mpweya wa nayitirojeni ndi kupaka thovu la sopo m'mapaipi, inu muli pomwepo. Pobooka pamatumphuka timathovu, mudzaona ndi maso anu. Ngati pabooka ndi pa nati, pamene mapaipi awiri alumikizana, amange bwino kapena aotcherere, athire gasi komaliza, inu muyambe kusunga ndalama pang'onopang'ono. Koma ngati pabooka m'koilo, m'mapaipi opindapinda a kopa aja, mverani mwana wanu. Koilo ikayamba kudyeka sibooka malo amodzi okha, mukamata apa mawa pathonya apo. Chimodzimodzi ngati kompresa yayamba kale kugogoda kapena kuthimitsa magetsi ikamayaka. Ine sindingalole mayi anga kugula kompresa yatsopano ya makina a R-22 a zaka 16.

Mukaganiza zogula, sinthani bokosi la panja ndi la m'kati pamodzi, chifukwa amapangidwa kuti aziyendera limodzi. Musakopeke ndi yaikulu. Ikakula kuposa nyumba imangoti yaka, zima, yaka, zima, ndipo imatha msanga. Wogulitsa ayeze zipinda, aone mawindo ndi denga asanatchule saizi. Ine ndimakonda za inverter, zimene zimachepetsa liwiro m'malo mozimiratu. Ndipo tsiku lochotsa yakaleyo muumirire kuti gasi wotsalayo amukokere m'silinda, asangodula paipi n'kumusiya athawire m'mwamba.