Funsani Akatswiri: Skirini yatembenuza mitundu

Funso: Ndimakonza mafoni ndi malaputopu. Pepala la pamwamba pa skirini ina linachita matuza, ndiye ndinalimatula n'kumata latsopano. Panopa zoyera zikuoneka zakuda, zakuda zikuoneka zoyera. Kodi skiriniyo yatha ntchito? *Wokonza zamagetsi, Lilongwe*

Yankho: Ayi, skirini ili bwinobwino. Pepalalo mwalimata molakwitsa ngodya.

Pepala limeneli ndi polarizer. Amalipanga ndi pulasitiki ya PVA yokokedwera mbali imodzi n'kuinyika mu ayodini, ndipo limadutsitsa kuwala kogwedezekera mbali imodzi yokha. Skirini ya LCD imakhala ndi mapepala awiri otere, lina kumbuyo komwe kuli nyali, lina kutsogolo, opingasana madigiri 90. Liquid crystal (madzimadzi apadera) ya pakati pawo ndiyo imapotoza kuwala pa kadontho kalikonse kuti kudutse kapena kutsekeke. Mukaphonya ndi madigiri 90, mapepala onse awiri amayang'ana kumodzi, ndiye mitundu imatembenuka monga mwaonera. Mukaphonya ndi 45, chithunzi chimangozilala.

Ngodyayi imatengera mtundu wa skirini. Za TN, zomwe zimapezeka m'malaputopu ambiri akale, zimafuna pepala lodulidwa pa 45 kapena 135. Za IPS ndi VA zimafuna 0 kapena 90. Musadalire zimene wogulitsa walemba pa paketi, yesani nokha. Yatsani skirini yopanda pepala (idzangooneka yoyera mbee), ikani latsopanolo pamwamba musanachotse chotchinga gluu, n'kulizunguliza pang'onopang'ono mpaka zakuda zide bii. Lembani chizindikiro pamenepo, kenako dulani.

Pomatula lomwe mwamatalo, zimitsani skirini, itenthetseni pang'ono, yambirani pakona ndi lezala logoneka. Gluu wotsalira pukutani ndi isopropyl alcohol pa kansalu. Musathire pagalasi, chifukwa akalowa m'mphepete amasiya madontho m'mapepala a nyali, ndipo mawaya opyapyala a m'mbalimo sachedwa kuduka. Pepala latsopanolo limateni kuchokera mbali imodzi, mukukankha mpweya ndi khadi. Kafumbi kamodzi kokha kamabweretsa thuza.

Pepala lakale likamanunkha ngati viniga, ndiye kuti kutentha ndi chinyezi zawononga pulasitiki yake yotetezera, choncho onaninso lakumbuyo.

Mafoni a OLED (skirini yomwe kadontho kalikonse kamawala pakokha, popanda nyali yakumbuyo) ndi nkhani ina. Pepala lawo lili ndi gawo lina, quarter-wave plate, loletsa skirini kunyezimira padzuwa. La LCD silingagwire ntchito imeneyo.