Kwa madamu amene mwafunsa za ana ongoloweza notsi

Madamu, mwati ana anu a Fomu 3 amalakatula notsi ngati ndakatulo, koma mukangolitembenuza funso pang'ono amangokuyang'anani kukamwa yasa, ndiye mukufuna kudziwa mowaphunzitsira kuganiza paokha komanso mochongera kwake. Ine ndimaphunzitsa Geography konkuno ku Mzuzu, ndipo vuto limeneli linandisowetsa tulo zaka zanga zoyamba.

Langizo langa ndi loti muyambe mwasintha kafunsidwe. Mukati "tchulani zifukwa zitatu zimene nkhalango zikuthera", woloweza atenga malikisi onse mutu usanagwire ntchito. Ine ndimayamba ndi nkhalango ya paini ya Chikangawa, poti ambiri anadutsamo pa msewu wa M1 ndipo anaziona zitsa ndi maso awo. Ndimawauza kuti paini uja, mahekitala pafupifupi 53,000, anadzalidwa poyembekezera fakitale ya mapepala imene sinamangidwe. Kenako ndimaponya funso limene mulibe m'buku: makala atasoweratu mawa mu Mzuzu muno, angavutike kwambiri ndani, ndipo mwadziwa bwanji?

Tsiku lina mtsikana wa ku Mchengautuwa, amene sankatsegula pakamwa chiyambire teremu, anaimirira n'kunena kuti mayi ake amagulitsa makala a m'timapepala, ndipo magetsi akathima ngakhale a m'nyumba zamipanda amabwera kudzagula. Mnyamata wina anamutsutsa kuti mitengo ya ku Kaning'ina ikatha, damu la Lunyangwa lidzadzaza matope ndipo tonse tidzasowa madzi, mayi akewo omwe. Mtsikana uja anakhala chete kaye, kenako anafunsa kuti, "Nanga pakadali pano tiphikire chiyani?" Funso limenelo sindinamupatse ine, ndipo ndi limene ndinkalifuna.

Zinatheka chifukwa ndinawalola kukangana m'Chitumbuka ndi m'Chichewa m'magulu, Chingerezi chinabwera polemba. Ambiri amene timawayesa ogona mutu maganizo ali nawo, chimawamanga lilime ndi Chingerezi ndi mantha osekedwa. Komanso mukafunsa musathamangire dzanja loyamba. Werengani chamumtima mpaka 10, muona manja ena akukwera kumbuyo kuja. Mwana akayankha, lolondola kapena lolakwika, mawu anu akhale amodzi: "Chifukwa chiyani ukutero?" Poyamba amaganiza kuti alakwa, koma pakatha masabata angapo amayamba kufunsana okhaokha.

Tsono kuchonga. Ndikudziwa kalasi ndi yodzaza, choncho musawapatse nkhani yaitali. Ndime imodzi pa sabata ndi yokwana. Ine pa malikisi 10, awiri okha ndi a yankho lenilenilo. Anayi ndimapereka pa zifukwa ndi umboni, kuti wazitenga kuti, waona yekha, wawerenga kapena wangomva. Otsalawo ndi a mwana amene watchula maganizo otsutsana ndi ake n'kuwayankha mwachilungamo. Kagawidwe kameneka ndimakalemba pa bolodi asanayambe kulemba. Ndipo pamafunika kudziletsa, chifukwa nthawi zina amene wagwirizana ndi inu amapeza 4, wokutsutsani ndi zifukwa zomveka n'kupeza 9. Mukamuchitira chilungamo kamodzi wotereyu, kalasi yonse imadziwa kuti mukunena zoona.

Yesaninso kubweretsa uthenga wa pa WhatsApp umene ukuzungulira sabata imeneyo, uja wopanda dzina la wolemba. Afufuze kuti wanena ndani, liti, ndipo akupindula nawo ndani. Amaukonda kwambiri.

Za silabasi ndi MSCE musade nkhawa kwambiri. Notsi musazitaye, mwana sangaganize pa zinthu zimene sakuzidziwa. Koma tsegulani mapepala akale a MANEB muone mafunso a "explain" ndi "describe", ndi pomwe oloweza amataya malikisi. Yambani ndi phunziro limodzi Lachisanu likubwerali, mudzatiuze muno mmene zayendera.