"Flavour" ndi "taste" si mawu amodzi

Mayi wina walemba kuti mwana wawo wamkazi wa Fomu 3 anamuchotsera malikisi chifukwa cholemba "flavor" m'malo mwa "flavour". Mwanayo amalakalaka kudzaphunzira zophikaphika, ndiye akufunsanso ngati mawuwa akufanana ndi "taste".

Mayi, za kalembedwezo n'zosavuta. "Flavor" ndi kalembedwe ka ku America, kamene kanafala ndi dikishonale ya Noah Webster ya 1828, ndipo ana ambiri amakatengera pa foni. Sukulu zathu zimatsata Chingerezi cha ku Britain, choncho pa mayeso a MANEB azilemba "flavour", monga amalembera "colour".

Funso lachiwirilo ndi limene landisangalatsa. Mawu akuti "flavour" analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300 kuchokera ku Chifalansa chakale, ndipo ankatanthauza fungo basi. Akatswiri a zinenero amati muzu wake ndi mawu a Chilatini akuti "flare", kutanthauza kuuzira mpweya: chija mphepo yakubweretsera kumphuno mnzako akamakazinga anyezi kuseri kwa mpanda. Tanthauzo la kukoma linadza mochedwa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Nawonso mawu akuti "taste" poyamba ankatanthauza kukhudza.

Lilime palokha limazindikira zinthu zisanu: kutsekemera, kuwawasa, kuwawa, mchere, ndi umami, kukoma kuja kwa msuzi wa nyama kapena bowa, kumene wasayansi wa ku Japan Kikunae Ikeda anakufotokoza mu 1908. Zimenezi ndiye "taste". Fungo likawonjezerapo, ndiye "flavour". Muuzeni mwanayo akazinge mtedza wothira mchere, atsine mphuno, atafune pang'ono. Amva mchere ndi kukhukhuluza chabe. Akangomasula mphuno, mtedza uja ubwera wonse mkamwa. N'chifukwa chake munthu wachimfine amakankha mbale ya chambo n'kumati ndiwo sizinakome, wophika wosalakwa. Chichewa chathu chinaziona kale izi, pajatu fungo timamva, kukomanso timamva.

Ndakhalitsa pamenepa chifukwa pali anthu amene amadyera mphuno ndi lilime lawo. Olawa tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje amandandalika makapu patebulo, n'kumapsontha tiyi wa pasupuni mwaphokoso kuti mpweya ukankhire fungo kumphuno, kenako n'kulavula. Chigamulo chawo chimathandiza kudziwa mtengo wa tiyiyo ku okushoni ya ku Limbe.

Ngati mtima wa mwana wanu uli kukhitchini ya hotela, ayang'ane ku Malawi Institute of Tourism akamaliza MSCE. Koma mwana wofunsa mafunso otere ine ndingamulozere ku yunivesite ya LUANAR, ku maphunziro a sayansi ya zakudya. Kumeneko amafuna Biology, Chemistry ndi Masamu, ndiye chonde, mayi, asazitaye panopo ali Fomu 3.