Makorali opirira a thanki ya madzi amchere kuno ku Chipata

Achimwene, mwafunsa kuti mwa makorali a chigoba cholimba aja ndi ati amene safa msanga, poti mbuna mwaweta kale ndipo tsopano mtima uli pa thanki ya madzi amchere. Yambani ndi Caulastraea, amene ogulitsa amati candy cane, ndi Duncanopsammia, wongotchedwa Duncan. Awiriwa ali ndi mitu yonenepa, safuna kuwala kwambiri kapena madzi othamanga mwamphamvu, ndipo amadya inu mukuona. Kukada, Caulastraea amatulutsa timanja kuzungulira pakamwa. Mukadonthezapo kanyenyeswa ka nsomba, timanjato timakagwira n'kukakokera mkati pang'onopang'ono. Akakhutira ndi malo, mutu umodzi umagawika n'kukhala iwiri.

Acropora ndiye wokopa pa zithunzi za pa Facebook, koma muyambe mwamusiya. Alkalinity, yomwe ndi mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, ikangosintha mwadzidzidzi, mnofu wake umatha kusupuka pa chigoba masiku awiri asanathe. Thanki ikakhazikika kwa miyezi ingapo mutha kuyesa Montipora, cha kumtunda kumene kuli kuwala. Korali wotchedwa Hammer naye amapirira, kungoti amaluma oyandikana naye, ndiye mumupatse danga.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ine ndi kuthimathima kwa malaiti ndi kutentha kwathu kuno. Korali ndi nyama, ndipo m'thupi mwake mumakhala ndere zing'onozing'ono zotchedwa zooxanthellae zimene zimamupangira chakudya pogwiritsa ntchito kuwala. Madzi ake azikhala pa madigiri 24 mpaka 26. Nanga mu Okutobala, m'nyumba ya malata? Madzi akafika pa 30 n'kukhalitsa, korali amataya ndere zija, amayera mbuu, kenako njala imamumaliza. Fani yopemerera pamwamba pa madzi imathandiza, koma madzi amaphwa msanga. Powonjezera muzithira opanda mchere, chifukwa mchere suuluka, umatsalira m'thankimo. Mu Juni ndi Julaye pafunika heater. Tsono malaiti akapita pampu n'kuima, mpweya umachepa m'madzi m'maola ochepa chabe. Ndalama yanu yoyamba ipite ku batire ndi inverter kapena sola, makorali abwere pambuyo. Ndikukupemphani ndithu, musasemphanitse zimenezi.

Madzi a pampopi kapena a pachitsime, ngakhale mbuna zanu zimakhalamo bwinobwino, apa ayambe adutsa mu sefa ya RO/DI, yochotsa michere ndi zonyansa m'madzi. Mchere wa kukhitchini ayi, gulani wopangidwira thanki ya makorali, musungunule mpaka refractometer, chida choyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi, iwerenge 1.025. Calcium akhale 400 mpaka 450 ppm, alkalinity 8 mpaka 9 dKH, magnesium cha m'ma 1300 ppm. Chigoba chija korali amachimanga ndi zimenezi, ndiye zimachepa iye akamakula. Muziyeza sabata iliyonse.

Dziko lathu la Zambia lilibe nyanja yamchere, choncho korali aliyense anachita kulowa pamalire. Makorali onse a chigoba cholimba ali pa mndandanda wa Appendix II wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ndipo sadutsa malire popanda chilolezo. Kuno zimenezi amayang'anira ndi a Department of National Parks and Wildlife. Wina akakubweretserani wothyola ku gombe la Mozambique m'chigubu, mukane. Funani timaphukira todulidwa ku korali wokulira m'thanki ya munthu wina, amati ma frag. Timeneti tinazolowera kale moyo wa m'galasi. Ngati tikuchokera ku Lusaka, kumbukirani kuti Great East Road ndi makilomita oposa 500. Tiyende m'cooler box, pa basi yolawirira m'mamawa, ndipo inu mukhale muli pa siteshoni basiyo isanafike.