Kagalu kakamangodzikanda, yambani ndi utitiri ndi mphere

Amayi, mwalemba kuti kagalu kanu, kolemera makilogalamu pafupifupi 5, kakhala kakudzikanda kwa miyezi ingapo mpaka ubweya kusosoka, ndipo mapiritsi amene munagula amakathandiza masiku ochepa chabe, kenako vuto n'kubwereranso. Mukufunsa za mankhwala amphamvu kuposa amenewo, koma langizo langa ndi loti musasinthenso mankhwala musanadziwe chimene chikuyambitsa kuyabwako. Ngati mapiritsiwo ndi prednisolone, dziwani kuti amangoziziritsa kuyabwa koma sapha kachilombo kalikonse, ndipo galu akawamwa nthawi yaitali chitetezo cha thupi chimafooka, mphere n'kukula. Musawasiye mwadzidzidzi ngati kawamwa kwa milungu ingapo, chifukwa amayenera kuchepetsedwa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala wa ziweto.

Yambani ndi utitiri, ngakhale simukuuona. Pali agalu ena amene khungu lawo limadana ndi malovu a utitiri, moti akalumidwa pang'ono chabe amayabwidwa masiku ambiri, makamaka pamsana chakumchira. Kaimikeni papepala loyera lonyowa n'kukapesa. Tinthu takuda tikagwerapo n'kusungunuka kukhala tofiira, chimenecho ndi chimbudzi cha utitiri, chomwe ndi magazi ouma. Mazira ndi ana a utitiri amakhala m'ziguduli zimene galu amagonapo, m'ming'alu ya pansi ndi m'fumbi la pakhonde, ndipo n'chifukwa chake kumusambitsa kokha sikuthetsa vutoli. Chapani zogonera ndi madzi otentha, muziyanike pachingwe padzuwa, ndipo agalu ndi amphaka onse apakhomo alandire mankhwala nthawi imodzi, chilichonse a mtundu wake, popeza mankhwala a agalu okhala ndi permethrin amapha mphaka.

Ngati m'mphepete mwa makutu, m'zigongono ndi pamimba pali nkhanambo, ganizirani za mphere, makamaka ngati wina m'nyumbamo wayamba totupa toyabwa m'mikono. Dokotala amapala khungu pang'ono n'kuunika pa maikulosikopu, ngakhale kuti tizilombo ta mphere yoyabwa kwambiri nthawi zina sitipezeka, ndipo zikatero amangoyamba mankhwala n'kuona mmene galu akusinthira. Mapiritsi otafuna monga NexGard ndi Simparica, amene amaperekedwa mwezi uliwonse, kapena Bravecto, amene amagwira ntchito milungu 12, amapha utitiri, nkhupakupa ndi tizilombo ta mphere pamodzi. Ndi okwera mtengo ndithu, koma amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa galu, ndiye a kagalu kakang'ono amatsikirako. Ngati kanakomokapo ngati ka khunyu, muuzeni dokotala asanakupatseni.

Ndikudziwa kuti ena akulangizani kukapaka oyilo wakuda wa galimoto, kukasambitsa ndi dibu ya ng'ombe kapena kukabaya ivermectin wa ng'ombe. Musachite zimenezo. Oyilo amawononga khungu ndipo galu amamunyambita, pomwe dibuyo, makamaka yokhala ndi mankhwala a amitraz, ndi jekeseniyo n'zosavuta kupitirira muyeso pakathupi kakang'ono chotere, galu n'kuyamba kudzandira, kuchucha dovu, mwinanso kufa kumene.

Khungu likamanunkha, kumata kapena kutuluka mafinya, ndiye kuti mabakiteriya kapena fangasi alowa m'zilonda zokandakanda. Pamenepo pamafunika shampu ya chlorhexidine, yomwe muyenera kuisiya pakhungu mphindi 10 musanatsukuluze. Sopo wochapira zovala amaumitsa khungu, choncho musiyeni.

Zonsezi zikachitika koma kuyabwa n'kupitirirabe, m'pamene muganizire za chakudya kapena fumbi ndi mungu. Chakudya chimayesedwa popatsa galu ndiwo ya mtundu umodzi imene sanadyepo, kwa milungu 8, popanda zotsala patebulo ngakhale kachidutswa.

Ngati muli ku Lilongwe, bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA lili ndi chipatala cha ziweto, ndipo kwina mungayambire kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu. Popita, tengani mapaketi a mankhwala onse amene mwagwiritsapo ntchito, ndipo musakasambitse kagaluko dzulo lake kuti dokotala akaone khungu mmene liliri.